MBIRI YA DOKOTALA LUDWIG GUTTMANN, SING'ANGA WA OPUWALA

Pa zaka zinayi zilizonse, masewera a Olympic akangotha, anthu olumala a m'maiko ambirimbiri amasonkhana kudzapikisana pa liwiro, kusambira, kuponya mivi ndi mpira. Masewera amenewa atchedwa Paralympic. Ambiri amawamvera pa wayilesi, koma ndi owerengeka amene adziwa kuti anayambira m'chipatala, pakati pa anthu amene asing'anga anali atawataya kale. Amene anawayamba ndiye Dokotala Ludwig Guttmann, Myuda wa ku Germany, amene anamwalira m'chaka cha 1980. Mbiri yake iyenera kudziwika kwa makolo, aphunzitsi ndi akatekisti a ku Phalombe, pakuti si chachilendo kuona mwana wolumala atakhala yekha patsinde pa mtengo, ali kusunga malaya a anzake, pamene iwo ali kuthamanga pabwalo la sukulu.

Ubwana wake

Ludwig Guttmann anabadwa pa 3 Julaye 1899 m'mudzi wa Tost, umene panthawiyo unali m'dziko la Germany, koma lero uli m'dziko la Poland, ndipo utchedwa Toszek. Ali wamng'ono, makolo ake anasamukira ku Königshütte, mzinda wa migodi ya malasha, ndipo kumeneko ndiko anakulira naphunzira sukulu.

M'chaka cha 1917, nkhondo yaikulu yoyamba ili mkati, mnyamatayo anadzipereka kuthandiza m'chipatala cha anthu ovulala m'migodi. Tsiku lina anabweretsa munthu wamphamvu, wokumba malasha, amene anathyoka msana, napuwala kuyambira m'chiuno kufikira kumapazi. Guttmann anayamba kulemba za wodwalayo, koma akulu a pachipatalapo anamuuza kuti asadzivute, popeza munthuyo sakhala masiku ambiri. Ndipo zinachitikadi chomwecho. Anamugoneka pakama namuleka, thupi lake linachita zilonda, mafinya analowa m'magazi, ndipo patapita masabata 5 anamwalira. Guttmann sanaiwale munthu ameneyo moyo wake wonse.

M'chaka cha 1918 analowa sukulu ya udokotala ku Breslau, napitiriza ku Freiburg, kumene anatsiriza m'chaka cha 1924. Pa zaka zimenezo chidani cha pa Ayuda chinali kukula m'sukulu zazikulu za ku Germany. Iye analowa m'bungwe la ophunzira achiyuda limene linkalimbikitsa anyamata kulimbitsa matupi ao ndi masewera, kuti asamayende chozolika pamaso pa owanyoza. Mwini wake ankapikisana ndi anzake pa masewera a malupanga. Kumeneko anaphunzira kuti masewera salimbitsa minofu yokha, koma amachotsanso manyazi mumtima mwa munthu wonyozedwa.

Atatsiriza maphunziro anagwira ntchito ku Breslau pansi pa Otfrid Foerster, sing'anga womveka wa matenda a ubongo ndi mitsempha. M'chaka cha 1927 anakwatira Else Samuel, ndipo anabereka ana awiri, wamwamuna ndi wamkazi. Pofika zaka 30 zakubadwa, mbiri yake ya using'anga inali itayamba kumveka m'dziko lonselo.

Masiku a mazunzo

M'chaka cha 1933 Adolf Hitler ndi chipani chake cha Nazi anatenga ulamuliro, nalamula kuti asing'anga achiyuda achotsedwe m'zipatala za boma. Guttmann anachotsedwa pamodzi ndi anzake, napita kukagwira ntchito pachipatala cha Ayuda ku Breslau komweko, ndipo m'chaka cha 1937 anasankhidwa kukhala mkulu wa chipatalacho.

Usiku wa pa 9 Novembala 1938 anthu a chipani cha Nazi anatentha masunagoge, naphwanya masitolo a Ayuda, nagwira amuna zikwizikwi kuti awatumize kumisasa ya ukaidi. Guttmann analamula antchito ake kuti mwamuna aliyense wofika pakhomo la chipatala amulandire ndi kumugoneka, osamufunsa chimene ali kudwala. Analandira anthu 64. M'mawa mwake apolisi achinsinsi, otchedwa Gestapo, anafika kudzafunsa chifukwa chake odwala anachuluka chotero usiku umodzi. Iye anayenda nao kama ndi kama, akulongosola matenda a munthu aliyense, ngakhale ambiri a iwo sankadwala kanthu koma mantha. Mwa anthu 64 aja anapulumutsa 60, ndipo 4 okha ndiwo anatengedwa.

Pamenepo anazindikira kuti masiku ake m'dzikomo atha. Mwai unapezeka pamene boma linamubwezera chiphaso chake cha ulendo kuti apite ku Portugal kukaona wodwala wina, bwenzi la Salazar, mtsogoleri wa dzikolo. Pobwerera anadzera ku London, kumene bungwe lothandiza anthu ophunzira othawa kwao linamukonzera njira. Pa 14 Malichi 1939 anafika ku Oxford, ku England, pamodzi ndi mkazi wake ndi ana, ali ndi katundu wochepa ndi ndalama zosakwanira. Kumeneko anakhala zaka zinayi akufufuza za mitsempha yoduka, osaloledwa kugwira ntchito yonse imene ankaidziwa.

Chipatala cha Stoke Mandeville

Mkati mwa fupa la msana mumadutsa mtsempha waukulu wochokera kuubongo, umene umatenga mauthenga kupita nao kumiyendo, kuchikhodzodzo ndi kumatumbo. Mtsempha umenewu ukaduka, munthu satha kusuntha kapena kumva kanthu kumunsi kwa pamene pathyokapo. Pankhondo yaikulu yoyamba, asilikali pafupifupi 80 mwa 100 ovulala chotero ankafa msanga. Chimene chinkawapha sichinali kupuwalako, koma zinthu ziwiri zotsatira: zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi nthawi yaitali, ndi matenda a m'chikhodzodzo okwera kufikira kuimpso.

M'chaka cha 1943, nkhondo yachiwiri itakula, boma la Britain linaona kuti asilikali ambiri adzabwera othyoka msana, ndipo linapempha Guttmann kuti ayambitse chipatala chao. Asing'anga ena sankaifuna ntchitoyi, poiyesa yongodikira maliro. Iye anavomera, koma anapempha chinthu chimodzi, chakuti amulole kuyendetsa zonse monga mwa nzeru zake. Tsono pa 1 Febuluwale 1944 chipatalacho chinatsegulidwa ku Stoke Mandeville, pafupi ndi mzinda wa Aylesbury, chili ndi makama ochepa ndi wodwala mmodzi yekha.

Lamulo lake loyamba linali lakuti wodwala aliyense atembenuzidwe pa maola awiri alionse, usana ndi usiku, kuti khungu lisaphwanyike. Antchito poyamba anang'ung'udza, ndipo ena ankazemba usiku. Koma iye ankatulukira m'chipinda cha odwala pakati pa usiku, osayembekezeka, kudzaona ngati lamulolo lili kusungidwa, ndipo kawirikawiri ankatembenuza odwala ndi manja ake. Lachiwiri linali lakuti mkodzo uchotsedwe pa nthawi yake ndi kapaipi kaukhondo, m'malo mwa kuboola pamimba monga ankachitira ena. Anachepetsanso mankhwala ogonetsa amene ankapatsidwa kwa odwala kuti angokhala chete. Ndi njira zimenezi, pamodzi ndi mankhwala atsopano a penisilini, anthu amene akadafa anayamba kukhala ndi moyo.

Koma Guttmann anaona kuti kupulumutsa thupi sikukwanira. Anyamata aja anali atataya mtima, ambiri sankafuna kudya kapena kulankhula, poganiza kuti sadzakhalanso anthu pakati pa anthu. Chifukwa chake anawadzutsa m'makama nawakhazika panjinga za olumala, nalamula kuti aliyense aphunzire ntchito yamanja, monga ukalipentala, kukonza mawotchi ndi kulemba pa makina. Cholinga chake chinali chakuti munthu aliyense abwerere kwao, akagwire ntchito, akadyetse banja lake, ndi kukhoma msonkho monga nzika ina iliyonse.

Anali munthu waukali, wosakonda kutsutsidwa, ndipo anamwino ndi odwala omwe ankamuopa. Komabe ankadziwa wodwala aliyense ndi dzina lake, ndi za kubanja kwake, kotero kuti odwalawo anamupatsa dzina lakuti Poppa, ndiko kunena kuti bambo.

Chiyambi cha masewera

Tsiku lina anaona odwala ena ali panjinga zao m'khonde, ali kumenya kanthu pansi ndi ndodo zoyendera, akuseka. Iye mwini anakhala panjinga nayesa nao, ndipo anapeza kuti munthu wa miyendo yabwino sapambana wolumala pamasewera otere, popeza wolumalayo ndiye adziwa kuyendetsa njinga. Masewera a ndodowo anawaleka pambuyo pake chifukwa anthu ankavulazana, ndipo m'malo mwake anaika mpira wamanja. Kuyambira pamenepo masewera anasanduka mbali ya mankhwala a pachipatalapo, ndipo wodwala sankaloledwa kuwakana, monga momwe sakanira mankhwala akumwa.

Mwa masewera onse, Guttmann anakonda kwambiri uta ndi mivi, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, kukoka uta kumalimbitsa manja, mapewa ndi msana, zimene munthu wopuwala miyendo amadalira podzinyamula ndi pokhala chilili. Chachiwiri, muvi susankha kuti wouponya waimirira kapena wakhala pansi. Wolumala akhoza kupikisana ndi wosalumala pamzere umodzi, ndi malamulo amodzi, ndi kumupambana. Potero wodwala akatuluka m'chipatala ankatha kulowa m'gulu la oponya mivi la kwao, nakhala mnzao wa onse. Nzeru imeneyi inaoneka kuti ndi yoona m'chaka cha 1984, pamene Neroli Fairhall wa ku New Zealand, mai wopuwala miyendo, anaponya mivi pa masewera a Olympic ku Los Angeles pamodzi ndi osalumala.

Pa 29 Julaye 1948, tsiku lomwe masewera a Olympic ankatsegulidwa ku London, Guttmann anakonza mpikisano wa mivi pakapinga wa chipatala chake. Opikisana anali 16, amuna 14 ndi akazi 2, ena a ku Stoke Mandeville, ena ochokera kunyumba ya asilikali olumala yotchedwa Star and Garter, ku Richmond. Tsikulo analisankha dala, pofuna kusonyeza kuti masewera si a anthu amphamvu okha. Mpikisanowo unachitikanso chaka ndi chaka, ndipo m'chaka cha 1952 kunabwera gulu lochokera ku Holland, kotero kuti masewerawo anasanduka a maiko.

M'mwezi wa Sepitembala 1960 masewerawa anachitikira ku Roma, mumzinda womwe munachitikira Olympic chaka chimenecho, mothandizana ndi sing'anga wa ku Italy, Antonio Maglio. Kunasonkhana anthu pafupifupi 400 ochokera m'maiko 23, ndipo mu Africa gulu linachokera ku Rhodesia kokha. Mavuto sanalephere, pakuti nyumba zimene anawakonzera zinali zokwera ndi makwerero, ndipo asilikali a ku Italy ndiwo ankanyamula alendowo pokwera ndi potsika. Apapa Yohane XXIII analandira osewerawo ku Vatican, nawadalitsa, nayerekeza Guttmann ndi Pierre de Coubertin, amene anadzutsa masewera a Olympic a makono. Masewera a ku Roma amenewa ndiwo awerengedwa lero kuti Paralympic oyamba.

Zaka zake zotsiriza

M'chaka cha 1966 Guttmann anapuma pa ntchito yoyendetsa chipatala, ndipo chaka chomwecho Mfumukazi Elizabeth II anamupatsa ulemu wakuti Sir. Koma sanakhale pansi. Anayenda kupempha ndalama zomangira bwalo la masewera la olumala pafupi ndi chipatala chija, ndipo Mfumukazi analitsegula m'chaka cha 1969. Analembanso mabuku awiri akuluakulu, lina la kasamalidwe ka othyoka msana m'chaka cha 1973, lina la masewera a olumala m'chaka cha 1976.

Poyamba masewera ake anali a othyoka msana okha, ndipo olumala ena anadikira zaka zambiri kunja kwa mpanda. Koma m'chaka cha 1976, ku Toronto m'dziko la Canada, analowanso osaona ndi oduka ziwalo, iye akali ndi moyo. Anadwala mtima kumapeto a chaka cha 1979, namwalira pa 18 Malichi 1980, ali ndi zaka 80.

Mbeu yake m'dziko la Malawi

Kuno ku Malawi ntchito yophunzitsa ana olumala inayamba ndi amishoni. M'zaka za m'ma 1960 Abulazala a chipani cha FIC, ochokera ku Holland, anayamba kuphunzitsa aphunzitsi a ana osaona ndi osamva ku Montfort, pa Nguludi, m'boma la Chiradzulu. M'chaka cha 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu zapulaimale, ndipo ana ambiri olumala analowa m'sukulu za m'midzi mwao. M'chaka cha 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza ufulu wa anthu olumala. Chaka chomwecho dziko lino linakonzeka kutumiza othamanga ku Paralympic ya ku London, koma ulendo unalephereka chifukwa chosowa ndalama. M'chaka cha 2016 Taonere Banda, mtsikana wosaona bwino, anakhala Mmalawi woyamba kufika pamasewerawa, nathamanga mamita 400 ku Rio de Janeiro, m'dziko la Brazil.

Koma kulowa m'kalasi sindiko kulandiridwa kwenikweni. Ana amapalana ubwenzi pabwalo, pa mpira, pa fulaye ndi pa chipako, ndipo mwana wosaloledwa kusewera amakhala mlendo m'sukulu yake yomwe. Kawirikawiri amene amamuletsa sachita ndi mtima woipa, koma ndi chifundo, poopa kuti angagwe kapena kuvulala. Asing'anga amene ankagoneka opuwala ndi kuwaleka anali nachonso chifundo chotero, ndipo odwala ao ankafa. Thupi losagwira ntchito limafooka, mfundo zimauma, ndipo mtima umafota.

Moyo wa Guttmann uonetsa njira zitatu zimene sukulu iliyonse, ya ku Migowi, ya ku Chiringa kapena ya m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, ikhoza kutsata popanda ndalama zambiri.

Yoyamba ndiyo kusamala thupi. Iye sanapatse munthu uta asanapoletse zilonda zake. Chomwechonso mwana wolumala ayambe waonedwa kuchipatala, monga cha Holy Family kapena china chapafupi, kuti makolo ndi aphunzitsi adziwe zimene akhoza kuchita ndi zimene ayenera kupewa. Mwana wokhalira panjinga azisuntha kawirikawiri, ndipo khungu lake liziyang'anidwa tsiku ndi tsiku. Mwana wa khungu lachialubino asewere m'mawa kapena pamthunzi, atavala chipewa ndi malaya a manja aatali. Mwana wa khunyu akhoza kusewera ndi anzake, pakuti matendawa sapatsirana, koma asasiyidwe yekha pamadzi kapena pamwamba pa mtengo.

Yachiwiri ndiyo kusankha masewera amene onse alingana, monga iye anasankhira mivi. Kulasa chitini ndi mpira, kuponyerana mpira onse atakhala pansi, ndi phada, ndi masewera amene miyendo ilibe nao kanthu. Pa masewera otere wopunduka miyendo kawirikawiri amapambana, popeza manja ake anazolowera ntchito.

Yachitatu ndiyo kusintha masewera m'malo mochotsa mwana. Mkati mwa mpira wachikulunga mukaikidwa kachitini ka timiyala, wosaona amaumva kumene uli kupita. Ndipo masewera a mpira wolira otchedwa goalball, amene anayamba m'chaka cha 1946 chifukwa cha asilikali ochita khungu pankhondo, achitika pa Paralympic kufikira lero. Wosaona akhozanso kuthamanga atagwirizana kachingwe ndi mnzake woona. Wosamva samva wenzulo, koma amaona nsalu ikakwezedwa m'mwamba. Bwalo likhoza kuchepetsedwa, ndipo lamulo likhoza kuikidwa lakuti chigoli chisawerengedwe mpira usanadutse m'manja mwa onse a m'gululo.

Ntchito imeneyi si ya aphunzitsi okha. Akatekisti amayenda m'midzi ndi m'mipingo ing'onoing'ono, ndipo adziwa makomo amene muli ana obisidwa chifukwa cha manyazi kapena chifukwa cha mphekesera za ufiti. Iwo ndiwo akhoza kulankhula ndi makolo mofatsa, ndi kuonetsetsa kuti pamene ana a katekisimu atuluka kukasewera, wina asatsale pabenchi.

Akale anati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Odwala a Guttmann anabadwa alungalunga, napuwala pa tsiku limodzi ndi chipolopolo, kugwa kapena ngozi ya pamseu. Anthu a ku Phalombe, amene anaona napolo wa m'chaka cha 1991 ndi namondwe wa Freddy m'chaka cha 2023, adziwa bwino kuti thupi la munthu limasintha pa kamphindi. Choncho bwalo limene likonzedwa lero chifukwa cha mwana wa mnansi, mawa likhoza kulandira mwana wa wolikonzayo. Guttmann anayamba ndi wodwala mmodzi ndi oponya mivi 16 pakapinga. Sukulu imene ili ndi mwana mmodzi wolumala, mpira wachikulunga ndi bwalo la fumbi, ili nazo kale zokwanira kuyambira.